Atatu Kukoka, Awiri Kutulutsa

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Sallau anali asanawayang'anepo kumaso apongozi ake, ndipo ankanyadira zimenezi kuposa mmene ankanyadira luso lake lokonza mawailesi. Akakumana nawo pakhomo lolowera, ankavula nsapato, n'kunjuta, n'kuyang'ana khoma mpaka iwo atadutsa. A Hajiya Delu ankawadziwa ndi makutu okha: chifuwa chawo cha m'mawa, masilipasi awo okwekwereza, ndi mawu awo osasowa chodandaula. Ku Kano kuno mkamwini wolongosoka amatero. Alipo ena a masiku ano amene amapisa m'mbale imodzi ndi apongozi awo, koma amenewo tiwasiye, Mulungu ndiye akudziwa kumene anakulira.

Matenda akufa ziwalo atawagwetsa a Hajiya, mwana amene anawatsalira anali mmodzi yekha, Lantana, mkazi wa Sallau. Anakawatenga n'kuwagoneka m'chipinda cha kum'mawa, chija khomo lake limayang'ana pabwalo. Tsoka ilo, benchi ya Sallau yogwirirapo ntchito inali itatsamira khoma lomwelo. Chotero mkamwini ndi apongozi ankaswera tsiku lonse motalikirana mikono iwiri, pakati pali njerwa, akulankhulana kudzera mwa Lantana.

"Lantana, uwauze a Malam kuti wailesi yawoyo ikundiboola m'makutu."

"Lantana, uwauze Amayi kuti ndachepetsa."

Nthawi zina Lantanayo ankakhala ali kumsika, koma uthenga unkafikabe.

Patatha miyezi itatu, kumsana kwa a Hajiya kunayamba zilonda chifukwa chogonera malo amodzi. Namwino wina wa m'dera lomwelo anati aziwatembenuza pa maola awiri aliwonse, apo ayi awapezere matiresi a mpweya amene amafufuma n'kuphwa okha kuti khungu lizipumako. Lantana anali kamunthu kochepa thupi, amayi ake anali chimunthu. Ankawatembenuza mpaka msana wake womwe unayamba kudandaula. Matiresiwo anawapeza pa kaunjika, pampu yake ili bwinobwino, koma ubongo wake, kabolodi kouza pampu nthawi yopopa ndi yoleka, kanali katapserera. Sallau anakanunkhiza, n'kukaponya mu dilowa, n'kukwera njinga kupita kumsika wa ku Sabon Gari.

"Ha, a Malam Sallau, sing'anga wa mawailesi akufa!" anafuula Udoka, mwini kashopu ka zipangizo, Sallau asanatsike n'panjinga pomwe. "Lero mwabwera kudzagula, kapena kudzangogwiragwira ngati masiku onse?"

"Ndipatse faifi-faifi-faifi imodzi, iwe. Yeniyeni, osati zija umalemba wekha manambala kuseriko."

"Mwandilakwira, bwana. Za muno zonse n'zenizeni. Zabodza zili kwa mnzangayo."

"Ndi kapasita ya 1,000. Ndi marezisita, ndisankha ndekha, chotsa dzanja."

"Mukupanga chiyani? Magetsi othwanima a paukwati? Mwaganiza zotenga wachiwiri eti?"

"N'za apongozi."

Udoka anaseka mpaka kugwira shelefu. "Apongozi! Munthu simumuyang'ana n'kumaso komwe, koma mukufuna kumulumikiza ku batire. Inu ndinu oopsa, a Malam."

Faifi-faifi-faifi ndi kachipangizo kakuda ka miyendo isanu ndi itatu, kosaposa njere ya nyemba. Nzeru zake n'zochepa: kamayatsa, kamazimitsa, kamayatsanso, mpaka batire litatha. Koma kutalika kwa nthawi yoyatsa ndi yozimitsa sikadziwa kokha. Umakauza ndiwe, ndi marezisita awiri ndi kapasita imodzi. Kapasita ndi mtsuko wa magetsi, rezisita ndi kampata kopapatiza komwe magetsiwo amadzera. Podzaza mtsuko, magetsi amadutsa m'timipata tonse tiwiri, pokhuthula amadzera kamodzi kokha. N'chifukwa chake kudzaza kumachedwa kuposa kukhuthula nthawi zonse, kaya ukondwe kaya ukwiye.

Sallau anawerengera kuseri kwa chikatoni ndi pensulo yotafunidwa. Kuphatikiza marezisita awiriwo, kuchulukitsa ndi kapasita, n'kutengapo magawo asanu ndi awiri mwa khumi: imeneyo ndi nthawi yopopa. Ya kuphwa, rezisita yachiwiri yokha. Ya 150,000 ndi ya 270,000, pamodzi ndi kapasita ya 1,000, zinamupatsa pafupifupi mphindi zisanu zofufuma ndi zitatu zakuphwa. Ndi mmene namwino ankafunira. Anawotcherera zonse, n'kulumikiza kababu koyesera, n'kukhala pansi kudikira kuti kazime. Mphindi zisanu zinadutsa. Khumi. Anamwa tiyi, anakaswali kumzikiti, anabwerako, kababu kali ngwee, kakumuyang'ana. Mtsuko wa Udoka unali wobooka. Magetsi odontha pang'onopang'ono chonchija ankatha m'njira, mtsuko osadzaza mpaka kalekale.

Anamutukwana Udoka chamumtima, agogo ake omwe. Kenako anachita zimene wokonza aliyense amachita akafuna kuona ngati zina zonse zili bwino popanda kukhalira kudikira: anaikapo tizipangizo ting'onoting'ono toyesera. Rezisita ya 15,000, ya mizere ya bulauni, girini ndi olenji. Ina ya 27,000. Kapasita ya 100 anaizula mu wailesi yakufa. Kasiwichi ka m'bokosi limene anaikamo zonsezi kanalira kuti tcha, pampu n'kuyamba. Masekondi atatu. Kanaliranso kuti tcho, mpweya n'kutuluka. Masekondi awiri. Matiresi anali akukwera ndi kutsika pabwalopo, kukwera kosaposa chala chimodzi chopingasa.

Popeza m'chipindamo sakanalowa, anaboola khoma n'kulowetsa kapaipi, bokosi ndi batire la galimoto n'kuziika panja, pamwamba pa benchi yake. Matiresi anakayala ndi Lantana, mothandizidwa ndi amayi awiri oyandikana nawo.

"N'zoyesera chabe izi," Sallau anauza mkazi wake. "Zikuthamanga kwambiri. Mawa ndikatenga kapasita yabwino ndidzasintha."

Kutacha, mawu anatuluka m'khoma. "Lantana, uwauze a Malam kuti asakhudze kanthu. Ndagona ngati ndili kumsana kwa amayi anga. Akasintha, ndiwatemberera."

Sallau anafuna kufotokoza za mphindi zisanu ndi zitatu, koma kodi munthu ungatsutsane bwanji ndi apongozi kudzera m'khoma? Anazisiya. Zilonda zinapolako ndithu, mwina chifukwa cha matiresi, mwina chifukwa cha mafuta amene Lantana ankawadzoza. Zoyesera zija zinakhala momwemo miyezi isanu ndi iwiri.

M'miyezi imeneyo khutu la Sallau linazolowera nyimbo ziwiri. Ina inali ya bokosi, tcha ndi tcho, yosaphonya. Ina inali ya chifuwa cha a Hajiya, kamkonono kopyapyala kodzera pabowo la kapaipi, koyenda mwa iko kokha. Pena kankathamanga, pena kankatsalira, pena ziwirizi zinkakumana n'kuyendera limodzi kanthawi, kenako n'kusiyananso. Sankachita kumvetsera dala. Ankangodziwa kuti zilipo, monga munthu amadziwira kuti m'nyumba muli anthu.

Tsiku limene tikunenali linali Lachinayi, m'nyengo ija yotentha mvula isanagwe, pamene ngakhale abuluzi amabisala. Sallau anakhala pabenchi dzuwa litakwera pang'ono, atatsegula wailesi ya munthu wina wogulitsa nyama. Chowotcherera chinali pa mbaula. Anagwira ntchito mwina ola lathunthu mtima usali m'malo, osadziwa chomwe chikumusowetsa mtendere. Anayang'ana m'thumba, makiyi alimo. Anayang'ana njinga, ilipo. M'chipinda muja Lantana ankacheza ndi amayi ake za ukwati wa mwana wa oyandikana nawo, za nsalu imene akuchimuna anabweretsa, yoti ukaichapa kamodzi imasanduka sefa. Ankalankhula, n'kuseka, n'kupitiriza. Bokosi linkati tcha, n'kuti tcho.

Ndi pamene anazindikira. Nyimbo inali imodzi.

"Lantana," anaitana. "Uwafunse Amayi kuti adzuka bwanji."

"Akugona, a Malam. Akupuma bwino lero. Chifuwa chija chasiya kulira."

Chinsalu cha pakhomo chinali chitamangidwa m'mwamba kuti kamphepo kalowe. Kuchokera pabenchi, munthu akanati wasendeza mutu pang'ono kumanzere, akanaona m'kati. Sallau ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba, ndiye chifukwa chake khosi lake linazolowera kupendekera kumanja. Anapempha Mulungu kuti amukhululukire, n'kusendeza mutu.

Nkhope sanaione, inabisika kuseri kwa phewa la Lantana. Anaona phazi limodzi lopakidwa utoto wa hina, ndi nsalu ya maluwa a buluu yofunda pachifuwa. Nsaluyo inkakwera. Inkatsika. Aliyense woima pakhomo akanati gogoyu ali m'tulo tabwino. Koma Sallau anawerenga. Kukwera: wani, thu, fili. Tcho. Kutsika: wani, thu. Tcha. Anawerenga maulendo makumi awiri, ndipo maulendo onsewo nsalu inanyamuka pa tcha n'kugwa pa tcho, osatsogola, osatsalira. Anaika dzanja pachifuwa chake n'kudzimvetsera. Munthu amakoka mpweya mwachidule n'kuutulutsa mwachifatse. Chimene chinali m'chipindamo chinkakoka nthawi yaitali n'kutulutsa mwachidule. Palibe munthu wopuma chotero. Amapuma chotero ndi rezisita ya 15,000 ndi ya 27,000, ndipo anazisankha ndi iye mwini.

Anabweza mutu n'kuyang'ana khoma. Anachita mantha, mantha enieni, osati a imfa ayi, pakuti imfa anaiona kambiri. Chinamuopsa n'chakuti mkazi wake ankacheza ndi mtembo, ndipo mtembowo unkamuyankha ndi mpweya wa m'bokosi lake.

Maliro kuno sagona. Munthu akatisiya m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale ali m'manda, ndipo kutentha kotereku sikudikira munthu. Pamafunika amayi osambitsa, sanda yokulungira mtembo, okumba manda, ndi anthu oti amuswalire ikatha swala ya chakumadzulo. Zonsezi zimadya maola atatu. A Hajiya Delu, mayi wa ulemu wake, wopita kumzinda woyera wa Maka kawiri, kuti agone m'nyumba usiku wonse akuonongeka chifukwa mkamwini anachita manyazi! Lantana sakanadzikhululukira mpaka imfa yake.

Koma akanati chiyani? Kuti ndasuzumira pachifuwa cha apongozi ndipo ndawerenga? Kapena angotambasula dzanja n'kuzula waya? Waya wake anali pompo, wofiira, pafupi ndi khutu lake. Akanangomukoka, nsalu ija ikanaima nthawi yomweyo pamaso pa Lantana. Ndiye moyo wake wonse mkaziyu akanakumbukira kuti amayi ankapuma, mwamuna wanga anagwira bokosi, amayi n'kusiya kupuma. Ukhoza kumufotokozera munthu za mitsuko ndi timipata mpaka kukhosi kuuma, koma chimene anaona ndi maso sungachichotse.

Anayesa njira ina. "Lantana, uwafunse Amayi ngati sakufuna phala la koko. Dzuwa lakwera, sanadye kanthu."

"Akuti akadzuka."

"Anena choncho?"

"Akuti akadzuka, a Malam. Inu gwirani ntchito yanu."

Mawu a Lantana anali owala kwambiri, ngati a munthu amene akulandira alendo. Anayambiranso nkhani ya nsalu ija kuchokera pachiyambi, mawu omwewo, n'kuseka pamalo pomwe anaseka poyamba. Ntchentche yaikulu yobiriwira inazungulira pabwalo, n'kutera pa chinsalu cha pakhomo, n'kulowa. Inatsatira ina. Sallau anamva chikupizo cha mlaza chikuyamba kugwira ntchito m'katimo, mofulumira.

Azana yoitanira swala ya masana inamveka. Sanapite kumzikiti, anayala mkeka pabwalo pomwepo. Ali pakati pa swala anadzipeza akupuma motsatira bokosi, atatu kukoka, awiri kutulutsa, mpaka mutu unayamba kuzungulira. Anayesa kupuma mwa iye yekha, chifuwa chinakana. Anamaliza swala osadziwa kuti wawerama kangati. Atakhala pamkekapo anayang'ana mthunzi wa khoma, n'kuona kuti wayamba kale kutalikira kum'mawa.

Maganizo amene anamubwerera sanali abwino, ndipo iye ankadziwa. Linali bodza. Koma anaona kuti bodza lilipo kale, lakhala likupuma m'chipindamo kuyambira m'mawa, ndipo mwini wake ndi iye. Chimene chinatsala n'kulimaliza mwaulemu. Ngati bokosi linatha kunamizira moyo, likanathanso kunamizira kutsirizika, kuti mwana awaperekeze amayi ake monga mmene ana amachitira, atawagwira dzanja, akuwanong'oneza mawu a Mulungu kukhutu.

Anakoka dilowa mwakachetechete. Vuto linali lakuti sakanazula kanthu m'bokosimo, pakuti likanaima. Ankayenera kumangowonjezera. Choyamba chinali kutembenuza kapumidweko kuti kafanane ndi ka munthu. Anatenga dayodi, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, kuti aike mopingasa pa rezisita yachiwiri. Potero, podzaza mtsuko magetsi akanailambalala rezisitayo n'kudzera ya 15,000 yokha. Anawerengera pachikhatho ndi chala: sekondi imodzi kukoka, awiri kutulutsa. Anatenga chowotcherera pa mbaula. Anawotcherera dayodiyo pamalo pake. Kautsi kanakwera.

Tcha. Tcho. Kenako kanthawi. Tcha. Tcho.

M'chipinda muja nkhani ya nsalu inadukira pakati.

"Lantana," anatero Sallau, akuyang'ana khoma. "Uwayang'ane Amayi. Ndikumva ngati mpweya wawo wasintha."

Anamva chikupizo chikuikidwa pansi, bedi likulira pamene Lantana ankasendera kumutu. Kenako mawu apansipansi anayamba: palibe wopembedzedwa wina koma Allah, palibe wopembedzedwa wina koma Allah.

Sallau anasankha kapasita ina ya 100 n'kuigundika pambali pa yoyamba. Mtsuko wopanda kanthu ukalumikizidwa ku wodzaza umayamba wamwako, chotero bokosi linaphonya kamodzi, ngati munthu wotsamwa, ndipo Lantana anakweza mawu. Tsopano kutulutsa kunafika masekondi anayi. Koma kukoka nako kunali kutatalika, ndipo wotsirizika sakoka chotero, amangotsomphola mpweya. Anatenga rezisita ina ya bulauni, girini ndi olenji, n'kuisanjika pa inzake kuti kampata kakule kawiri. Kukoka kunabwerera pa sekondi imodzi. Anadikira kuti mkazi wake anene mawu aja kasanu ndi kawiri, n'kuwonjezera kapasita yachitatu. Masekondi asanu ndi limodzi a chete. Misozi inkagwera pa benchi, iye osaipukuta, poopa kusiya waya. Anawakonda mayi amenewa. Sanadziwe kuti anawakonda mpaka pamene anakhala pansi kuwasankhira mpweya wawo womaliza m'dilowa la zipangizo zakale.

Yachinayi inali yaikulupo, ya 470. Pakati pa tcho ndi tcha panayamba kukhala mpata woti munthu n'kuganiza kuti zatha, kenako nsalu n'kunyamukanso. Lantana sankalira. Ankangobwereza mawu aja, mofatsa, mofatsa, ngati akugoneka mwana. Kunja kwa mpanda wogulitsa madzi anadutsa akuliza zigubu zake. Mbuzi ya oyandikana nawo inalira kamodzi n'kusiya.

Sallau anadikira tcho. Itamveka, ananena dzina la Mulungu, n'kuzula waya wofiira uja pa batire.

Pampu inangoti zii. Anamva mpweya wotsala ukutuluka m'matiresi kudzera pa kapaipi, kamluzu kopyapyala, mpaka kanatha. Pabwalo panagwa chete amene anali asanamvekepo kwa miyezi isanu ndi iwiri. Anawerenga chamumtima, poti kuwerenga kunali kutamulowa m'magazi. Khumi. Makumi awiri. Makumi atatu. Waya anali m'dzanja lake, atamukulunga ku chala.

Pa makumi anayi, m'chipindamo munthu anakoka mpweya. Kunali kukoka kwachidule, kwa phokoso, kotsatiridwa ndi kuusa moyo kwakutali kumene kunathera m'kamawu kotsika, ngati ka munthu amene watula katundu pamutu. Sanali mawu a Lantana. Lantana anali pakati pa dzina la Mulungu, ndipo analekezera pomwepo.

Sallau anayang'ana bokosi. Anayang'ana batire. Anayang'ana waya ku chala chake. Anadziuza kuti matiresi akaphwa thupi limatsika, ndipo mpweya wotsalira m'chifuwa umatuluka wokha. Zimachitika, osambitsa maliro amanena. Koma kutuluka n'kwina, kukoka n'kwina. Anadziuzanso kuti mwina makutu amunamiza chifukwa cha dzuwa ndi njala. Anakhala chomwecho mpaka anamva chinsalu cha pakhomo chikumasulidwa n'kugwa.

Lantana anatuluka atafunda mpango kumutu. Maso anali ouma, otupa. Anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi benchi, pa dothi, chinthu chimene sankachita. Anayang'ana bokosi lotsegula lija, makapasita ali lendelende ngati nkhupakupa, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Amayi atisiya, a Malam."

"Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera," anatero Sallau.

"Anatisiya m'bandakucha." Lantana ananena izi akuyang'ana zala zake. "Nditabwera ndi madzi oti asambe kumaso ndinapeza dzanja lazizira kale. Mukuganiza kuti mwana sangadziwe dzanja la amayi ake? Ndinadziwa. Koma nsalu imakwera, a Malam. Ndimati ndikatsegula pakamwa kuti ndikuitaneni, nsalu n'kukwera. Ndiye ndimati ndidikire itsike. Ikatsika, n'kukweranso. Sindikanatha kufuula maliro munthu akupuma pamaso panga. Ndimangopempha Mulungu kuti inu mumve."

"Ndinachedwa. Undikhululukire."

"Simunachedwe. Nthawi ilipo, tiwaika lero." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Ndimamva mukutsegula dilowa. Ndimamva fungo la chowotcherera. Ndinadziwa chimene mukuchita, ndipo ndinachilandira. M'bandakucha anapita okha, ine ndili kukhitchini. Inu mwandibwezera mpata woti ndiwaperekeze. Mulungu akulipireni."

Sallau anaweramitsa mutu. Mtima unayamba kutsika pang'ono. Anaganiza kuti ngati mkazi wake sakutchula kanthu kena, ndiye kuti kanthu kenako kanali m'makutu mwake mokha. Anayamba kumasula waya ku chala, kuti anyamuke akauze a imamu ndi amayi osambitsa.

"Koma mpweya womaliza uja," anatero Lantana. "Womaliza uja munaudziwa bwanji? Ndi mmene ankausira moyo ndili mwana, akamaliza kundiluka tsitsi, asanandiuze kuti dzuka, tatha. Anasiya kalekale, bambo anga atamwalira. Inu simunaumvepo. Mpaka dzanja lawo linachita ngati landifinya. Munapanga bwanji zimene zija ndi timawaya timeneti?"

Ankamuyang'ana ndi maso othokoza, akudikira yankho. Sallau anafumbata waya uja kuti asaoneke. Kumsana kwake, kuseri kwa njerwa, ankamva kuti m'chipindamo muli chete wa mtundu wina, wonga wa munthu amene akumvetsera.

"Ndinangosankha manambala," anatero.

Ananyamuka n'kulunjika kukhomo lotulukira. Podutsa pa chinsalu chija anavula nsapato, n'kunjuta, n'kutembenukira kukhoma, ndipo anakhala pomwepo nthawi yaitali asanalimbe mtima kuti adutse.